Manual kapena automatic: dziwani giyabokosi musanalipire galimoto

Magalimoto ang'onoang'ono ambiri amene akuyenda m'misewu ya Lilongwe anabwera kuchokera ku Japan atagwirako kale ntchito, ochuluka kudzera padoko la Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe, ena kudzera ku Durban. Ku Japan ndi anthu ochepa kwambiri amene amagulabe galimoto yosintha magiya ndi dzanja, n'chifukwa chake mukamafufuza Vitz, Passo, Sienta, Note kapena Fit pa BeForward kapena SBT, pafupifupi zonse zimene mumaona ndi za automatic. Koma mukapita ku Biwi kapena ku Mchesi kukafunsa nzeru, mupezabe amakaniko ambiri akukulangizani kuti mugule manual, ati automatic ikangofa ndiye kuti yafa basi.

Malangizo amenewa ali ndi choonadi, koma n'chosakwanira. Pansi pa ndodo yolembedwa P, R, N, D pakhoza kukhala mtundu umodzi mwa mitundu isanu ya giyabokosi, ndipo mitunduyi imasiyana kapangidwe, oyilo amene imafuna, katundu amene ingapirire, komanso ndalama zimene idzakudyereni tsiku lodzadwala. Wogula Corolla ya 2004 ndi wogula Fit Hybrid ya 2014 onse amati agula automatic, koma zimene atengazo n'zosiyana kotheratu. Komanso magiyabokosi ambiri a automatic amene amafera m'magalaja mumzinda muno safa chifukwa cha ukalamba. Amaphedwa ndi oyilo wolakwika, kutentha, katundu wopyola muyezo ndi kukokedwa pachingwe.

Manual: chimene chimatha n'chodziwika

Pakati pa injini ndi giyabokosi ya manual pali klatchi, ndipo zigawo zake zikuluzikulu ndi zitatu: clutch plate, pressure plate imene imaifinyira ku flywheel, ndi release bearing imene imamasula kufinyako mukaponda pedulo. Pa magalimoto ena pedulo imakoka waya, pa ena imakankha brake fluid kudzera mu master ndi slave cylinder. Clutch plate inapangidwa kuti izitha pang'onopang'ono. Dalaivala wosamala imamufikitsa makilomita opitirira 100,000. Wokonda kusiya phazi pa pedulo galimoto ikuyenda, kapena kuigwira pachitunda ndi hafu klatchi m'malo mokoka handibuleki, akhoza kuimaliza asanafike n'komwe theka la mtunda umenewo.

Ubwino wake ndi woti imachenjeza. Pedulo imayamba kugwirira m'mwamba, mukaponda moto pokwera chitunda injini imalira kwambiri koma liwiro osawonjezereka, ndipo nthawi zina mumamva fungo la chinthu chopserera. Pamenepo mumakhala ndi milungu yokonzekera ndalama. Ntchito yake ndi yotsitsa giyabokosi, ndipo pa galimoto yaing'ono imatha tsiku limodzi. Sinthani zigawo zonse zitatu pamodzi, chifukwa mukasiya release bearing yakale mudzalipiranso kutsitsa giyabokosi yomweyo pakangopita miyezi yochepa. Ili pansi choncho, makaniko ayang'anenso seal ya kumbuyo kwa injini, poti oyilo akamadontherera pa plate yatsopano imayamba kuterereka msanga.

Giyabokosi yeniyeniyo kawirikawiri imakhalitsa. Pa galimoto yaing'ono mumalowa malita pafupifupi awiri a gear oil, ndipo chofunika n'kutsata zimene buku la galimoto lanena. Ngati lanena GL-4, musathiremo GL-5 poganiza kuti nambala yaikulu ndiye yabwino, chifukwa oyilo wina wa GL-5 amadya ma synchro, timikombero ta mkuwa tothandiza giya kulowa mofewa, ndipo giya yachiwiri kapena yachitatu imayamba kukhadzula polowa. Zonsezi makaniko wa pa Mitundu, pa Nathenje kapena pa Mponela amazitha ndi masipanala wamba, opanda kompyuta. Apa ndi pamene pagona mphamvu yeniyeni ya manual m'dziko muno. Chenjezo limodzi: magalimoto ena a dizilo a masiku ano ali ndi flywheel ya zigawo ziwiri yokhala ndi masipuling'i mkati, ndipo ikatha mtengo wake umaposa wa klatchi yonse.

Mitundu isanu ya automatic

Woyamba ndi wakale uja wa torque converter, wa magiya anayi, asanu kapena asanu ndi imodzi. Taganizirani mafani awiri oyang'anizana, imodzi yolumikizidwa kumagetsi, inayo ayi: mphepo ya yoyambayo imazunguza yachiwiri. Mu torque converter muli oyilo m'malo mwa mphepo, n'chifukwa chake galimoto imatha kuima ili pa D injini osazima. Kuseri kwake kuli magiya, timaklatchi tambiri tonyowa ndi oyilo, ndi valve body yokhala ndi ma solenoid amene amatsegula ndi kutseka njira za oyiloyo. Mtundu umenewu muupeza mu Corolla ya pakati pa 2000 ndi 2006, mu Vitz zambiri zoyambirira, mu Passo ya chisanafike chaka cha 2010, mu Probox ya chisanafike 2014, komanso mu Hilux, Fortuner ndi Prado za automatic. Mwa mitundu yonse uwu ndiwo wopirira, ndipo amakaniko a mu Lilongwe anauzolowera.

Wachiwiri ndi CVT, ndipo ndi umene uli m'magalimoto ambiri amene akubwera panopa: Vitz kuyambira 2005, Axio ndi Fielder kuyambira 2006, Passo kuyambira 2010, Probox kuyambira 2014, Ractis, Note, Fit zambiri, X-Trail ya kuyambira 2007, ndi Sienta yakale yoyendera matayala akutsogolo. Mulibe magiya okhazikika. Muli mapule awiri amene amatha kufutukuka ndi kupanikizana, ndi lamba wachitsulo pakati pake. Pule imodzi ikapanikizana inzake imafutukuka, lamba amakwera kapena kutsika, ndipo liwiro limasintha mosadumpha. Mphamvu yonse ya injini imadutsa pamalo ochepa pamene lamba akhudzana ndi pule. Lambayo akangoterereka kangapo amakanda mapule, tizitsulo timalowa mu oyilo, ndipo kuwonongekako sikubwerera m'mbuyo. CVT ndi yabwino kwambiri pa ntchito imene inapangidwira, yomwe ndi kunyamula banja ndi katundu wopepuka pa tala. Sienta inapangidwira anthu asanu ndi awiri. Ikasanduka takisi, n'kumanyamula anthu khumi ndi matumba a chimanga pamwamba pake tsiku ndi tsiku, lamba ndi amene amalipira.

Wachitatu ndi wa maklatchi awiri. Volkswagen amautcha DSG, ndipo uli mu Polo ndi Golf zambiri. Honda anauika mu Fit Hybrid ya pakati pa 2013 ndi 2020, mu Vezel Hybrid yoyambirira ndi mu Grace Hybrid. Mkati mwake ndi magiya a manual, koma kompyuta ndi imene imaponda maklatchi. Pamsewu wotakasuka umasintha magiya mwachangu ndipo sudya mafuta. Vuto lake ndi pa jamu: mitundu ya maklatchi ouma imatentha ikamakwawa pang'onopang'ono nthawi yaitali, chifukwa kompyuta imakhala ikuchita hafu klatchi yomwe ija. Honda anaitanitsa kangapo magalimoto amenewa ku Japan mu 2013 ndi 2014 kuti akonze zovuta za giyabokosiyi. Chigawo chowongolera maklatchi chikafa, masipeya ake ndi odula, ndipo odziwa kuchikonza ndi owerengeka. Pa bajeti yothina, uwu ndi mtundu woti muupewe pokhapokha mutadziwiratu galaja imene ili ndi kompyuta yake komanso kumene masipeya azichokera.

Wachinayi muupeza mu Suzuki Alto, Every ndi Carry zina, ndipo Suzuki amautcha AGS. Ndi giyabokosi ya manual ya klatchi imodzi yoyendetsedwa ndi kamakina. Imagwedeza mutu posintha giya, ndipo kumeneko ndi kubadwa kwake, osati matenda.

Wachisanu ndi wa ma hybrid a Toyota monga Aqua, Prius ndi Fielder Hybrid. Papepala amalemba CVT, koma mulibe lamba ngakhale mapule. Muli magiya ochepa ndi mamota awiri amagetsi, ndipo kawirikawiri savuta. Pa galimoto yotere nkhawa isamukire ku batire lalikulu ndi kafani koliziziritsa, kamene fumbi la mu Ogasiti ndi Seputembala limakatseka.

Kuti mudziwe mtundu umene uli m'galimoto imene mukuifuna, werengani model code pa kachitsulo ka pansi pa boneti kapena pa chimango cha chitseko, n'kuifufuza pa intaneti. Pa Toyota, ndodo yokhala ndi D, 2, L ndi kabatani ka O/D, koletsa giya yapamwamba, kawirikawiri imasonyeza automatic yakale ya magiya anayi, pamene D, S, B imasonyeza CVT.

Oyilo: apa ndi pamene ambiri amagwera

Mu manual oyilo amangofewetsa zitsulo. Mu automatic oyilo amanyamula mphamvu, amafinya maklatchi, amaziziritsa, ndipo mu CVT amathandiza lamba kugwira mapule. Choncho giyabokosi iliyonse ili ndi oyilo wakewake. Toyota za automatic yakale zimafuna T-IV kapena WS. CVT za Toyota zimafuna TC kapena FE. Za Nissan zimafuna NS-2 kapena NS-3. Za Honda zimafuna HMMF pa Fit zakale ndi HCF-2 pa zatsopanopo. Mayinawa amalembedwa pa dipstick, pa chotsekera pothirira, kapena m'buku la galimoto.

Chimene chimachitika kawirikawiri n'chakuti mwini galimoto amatumiza mwana kapena makaniko kukagula oyilo wa automatic, ndipo wogulitsa amapereka Dexron wofiira chifukwa ndi amene alipo komanso ndi wotsika mtengo. Mu CVT galimotoyo imayenda bwinobwino sabata yoyamba. Kenako imayamba kunjenjemera ponyamuka, kulira ngati mluzu ikamathamanga, ndipo pomwe nyali ya pa dashibodi iziyaka n'kuti mapule atakandika kale. Gulani oyilo wa m'chigubu chosatsegula, chokhala ndi dzina lenileni limene galimoto yanu ikufuna, kapena wa kampani yodziwika amene walembedwa momveka kuti amalowa m'malo mwa dzina limenelo. Oyilo wopunguliridwa m'botolo lopanda chizindikiro asalowe m'giyabokosi yanu ngakhale mtengo wake utakoma bwanji.

Ndi fumbi, kutentha ndi jamu za kuno, kusintha oyilo pa makilomita 40,000 mpaka 60,000 alionse ndi nzeru, ndipo CVT yogwira ntchito yolemera izikhala kumunsi kwa malire amenewo. Mukamasula bawuti yapansi mumatuluka malita atatu kapena anayi okha, ngakhale giyabokosi yonse imasunga asanu ndi awiri kapena kuposerapo, poti otsalawo amakhala mu converter ndi m'mapaipi. Yezani amene atulukawo kuti mudziwe poyambira pothira. Ngati giyabokosi ili ndi sampu yomasula, itsitseni, tsukani timaginito tili pansi pake, sinthani sefa ndi gasiketi. Fumbi lachitsulo losalala pa maginito si lodetsa nkhawa, koma tizidutswa tomveka pa chala ndi chizindikiro choti mkati mwayamba kudyana.

Poyeza mulingo, galimoto ikhale pamalo athyathyathya, itatenthera bwino. Pondani buleki, pititsani ndodo pa giya iliyonse masekondi angapo, bwererani pa P, ndipo pa Toyota ndi Nissan werengani dipstick injini ikulira. Honda zambiri zimayezedwa injini itangozimitsidwa. Magiyabokosi ambiri atsopano alibe dipstick. Amayezedwa ndi bawuti yosefukira, oyilo ali pa kutentha koikika, pa Toyota zambiri pakati pa madigiri 35 ndi 45, ndipo izi zimafuna kompyuta yowerengera kutenthako. Makaniko wopanda chida chimenechi amangoganizira, ndipo oyilo wochepa kapena wochuluka onse amawononga.

Pali chikhulupiriro choti oyilo wa automatic sasinthidwa, ukangosintha galimoto imaima. Gwero lake ndi ili: anthu amakumbukira oyilo giyabokosi itayamba kale kuterereka. Pamenepo maklatchi amakhala atatha, ndipo zinyalala za mu oyilo wakudayo ndi zimene zimakhala zikuwathandiza kugwira pang'ono. Mukathira woyera, matenda amene analipo kale amaonekera poyera. Pa giyabokosi imene yakhala nthawi yaitali osasamalidwa koma ikuyendabe bwino, musalole kutsuka ndi makina opopa mwamphamvu. Tsitsani ndi kuthira, yendani makilomita 1,000, bwerezaninso.

Mdani wina wa oyilo ali kutsogolo. Pa magalimoto ambiri oyilo wa automatic amazizirira mkati mwa rediyeta kapena m'kachigawo kodutsa madzi a injini. Chizolowezi chothira madzi a pampopi m'malo mwa coolant chimadya kachigawo kameneka ndi dzimbiri, ndipo kakaboola madzi amasakanikirana ndi oyilo. Mukaona dipstick yatuluka ndi zinthu zotuwirako ngati zosakaniza ndi mkaka, musalizenso injini. Madzi amamatula zomata za maklatchi a mkati. Komanso injini ikamatentha chifukwa fani yafa kapena wina anachotsa thermostat n'kusiya zinthu zosalongosoka, giyabokosi nayo ikuvutikira limodzi.

Msewu umene mumayenda

Ngati ulendo wanu wa tsiku ndi tsiku ndi wochokera ku Area 25 kudzera ku Kanengo ndi pa Area 18, kapena kuchokera ku Kawale, Area 23 kapena Likuni kulowa mu Old Town m'mamawa, automatic ndi yoyenera, ndipo palibe chifukwa chochitira manyazi. Pa jamu, ndiponso pa mizere ya mafuta imene takhala tikuiona zaka zapitazi, dalaivala wa manual amaponda klatchi kosawerengeka, bondo lamanzere limatopa, klatchi nayo ikutha. Kwa munthu wachikulire, wovutika ndi bondo kapena msana, ndi wongophunzira kumene amene akufunika kuika maganizo onse pa akabaza ndi oyenda pansi, kupepukidwa kumeneku n'kwa phindu lenileni. Pa maroboti ingopondani buleki muli pa D. Mukaona kuti muima nthawi yaitali, ikani pa N n'kukoka handibuleki. Poimika, kokani handibuleki kaye kenako P, makamaka pamalo otsetsereka, chifukwa P ndi kachitsulo kamodzi kakang'ono kotsekera giya, ndipo sikanapangidwe kuti kazinyamula galimoto yonse.

Nkhani imasintha mukachoka pa tala. M'dzinja, kuyambira Novembala mpaka Epulo, misewu yafumbi ya m'makwalala a ku Mtandire, Chinsapo, Area 36 ndi yopita kumudzi imasanduka matope. Galimoto ya manual ikatitimira mutha kunyamuka ndi giya yachiwiri kuti matayala asapote, kapena kuigwedeza kutsogolo ndi kumbuyo. Mukachita zomwezo pa automatic, kusintha D ndi R matayala akuzungulirabe, mukumenya maklatchi a mkati, ndipo pa CVT tayala lopota likagwira pouma mwadzidzidzi lamba amaterereka. Imitsani matayala kotheratu musanasinthe, pondani moto pang'ono, ndipo mukayesa kawiri kapena katatu osatuluka, fukulani, ikani miyala ndi nthambi, itanani anthu akankhe. Sampu ya automatic zambiri ndi chitsulo chopyapyala chokhala pansi, ndipo mwala umodzi ukhoza kuiboola kapena kuipinda mpaka kutseka polowera oyilo. Komabe pa matope, kutalika kwa galimoto kuchoka pansi ndi mtundu wa matayala zimathandiza kuposa mtundu wa giyabokosi. Hilux ya automatic idutsa pamene Vitz ya manual yakanika.

Pa mitsetse italiitali, monga ya Khwekhwerere potsikira ku Golomoti, ya Chiweta, kapena potsikira ku Salima, lamulo ndi limodzi pa mitundu yonse: injini ithandize mabuleki. Pa manual tsikani ndi giya imene mukanakwerera. Pa automatic zimitsani O/D, ikani pa 2 kapena L, kapena S ndi B pa CVT, ndipo chitani zimenezi musanayambe kutsika, liwiro lili lochepa. Ambiri amene anaphunzira pa automatic sanauzidwepo ntchito ya zilembo zimenezi. Amatsika pa D phazi lili pa buleki njira yonse, ma pad amapsa, brake fluid amawira, ndipo pedulo imalowa mpaka pansi pa kona yoipitsitsa.

Kutsetsereka pa free pofuna kupulumutsa mafuta n'kolakwika pa mitundu yonse iwiri. Injini za masiku ano zimadula mafuta zokha mukachotsa phazi galimoto ili m'giya, pamene pa free zimamwabe kuti zisazime. Mumataya chithandizo cha injini popanda chimene mwapindula, ndipo pa automatic kubwezera ndodo pa D galimoto ikuthamanga kumagwedeza zamkati.

Batire likatha, galimoto ikafera panjira

Manual imakankhika: kiyi pa ON, giya yachiwiri, anthu atatu kumbuyo, kumasula klatchi, yalira. Automatic siingalire mwanjira imeneyi, chifukwa pampu yake ya oyilo imazunguzidwa ndi injini. Choncho mawaya ojampira azikhala m'buti nthawi zonse, ndipo batire likayamba kufooka musalizengereze. Batire lofooka kapena alternator yodwala zimasokonezanso kompyuta ya giyabokosi, galimoto n'kukakamira m'giya imodzi, mwini n'kuuzidwa kuti giyabokosi yafa pomwe vuto lili pa magetsi. Sensa ya liwiro kapena solenoid imodzi imachitanso chimodzimodzi. Musavomere kutsitsa giyabokosi musanaiike pa kompyuta n'kuona ma code ndi maso anu.

Pampu yomweyo ndiyo chifukwa chake kukoka automatic pachingwe n'koopsa. Injini ikakhala chete oyilo sayenda, koma matayala akuzunguza zamkati zouma. Kuisuntha mamita ochepa kuichotsa pamsewu kulibe vuto, ndipo pafupi ndi ndodo pamakhala kabatani ka shift lock kokulolani kuchotsa pa P. Koma kuikoka kuchokera pa Nathenje mpaka mutawuni kukhoza kusandutsa vuto la pampu ya petulo kukhala la giyabokosi yonse. Inyamulidwe pa lole, kapena matayala oyendetsa akwezedwe m'mwamba. Pa CVT ndi hybrid musanyengerere n'komwe.

Mafuta

Automatic yakale ya magiya anayi imamwa mafuta ochulukirapo kuposa manual ya injini yomweyo, mwina ndi gawo limodzi mwa magawo khumi. Ngati mumathira malita 70 pamwezi, ndiye kuti malita pafupifupi 7. CVT yasintha masamu amenewa: imamwa mofanana ndi manual, nthawi zina kucheperapo. Mphepo ya m'matayala, ma plug, sefa ya mpweya ndi phazi la dalaivala zimasintha kamwedwe kuposa kusiyana kumeneku.

Kuyesa musanapereke ndalama

Pitani m'mawa, ndipo muuzeni wogulitsa kuti asailize musanafike. Matenda ambiri a automatic amaoneka ikazizira, ena ikatentha kwambiri, choncho mufunika mbali zonse ziwiri. Injini ikalira, pondani buleki n'kuika pa D. Iyenera kugwira pasanathe masekondi awiri, mofewa. Chitani chimodzimodzi pa R. Kuchedwa kugwira, kapena kugunda kwamphamvu, ndi chizindikiro choipa, ngakhale kugundako nthawi zina kumachokera ku ma mounting otha, omwe ndi otsika mtengo. Sololani dipstick, pukutirani pa pepala loyera, nunkhizani. Oyilo wa automatic yakale, wotchedwa ATF, akakhala wabwino amakhala wofiira kapena wofiirirako. Wakuda wonunkha kupserera akuuzani mbiri yonse. Oyilo wa CVT amasiyana mtundu, wa NS-2 ndi wobiriwira, choncho apo dalirani fungo ndi kuyera kwake. Oyilo watsopano kwambiri m'galimoto yooneka yosasamalidwa akuchenjezeninso, chifukwa ena amasintha dzulo lake pofuna kubisa.

Yendani mphindi 30, osati kungozungulira pamalo ogulitsira. Lowani mu jamu pang'ono, kenako tulukani pa Bypass kapena msewu wa ku Mchinji kuti ifike 80 kapena 100. Pa automatic yakale werengani magiya onse akulowa, ndipo muone ngati singano ya injini ikudumpha pakati pa giya ndi giya. Pa CVT nyamukani pang'onopang'ono kangapo, makamaka pachitunda, kumvetsera kunjenjemera. Gwirani liwiro limodzi n'kuyang'ana singano: ikamakwera ndi kutsika yokha, pali vuto. Mukabwerako bwerezani kuyesa D ndi R itatentha, yang'anani pansi ngati pakudontha, ndipo lipirani woyeza ndi kompyuta. Onetsetsaninso kuti nyali zonse za pa dashibodi zikuyaka mukatembenuza kiyi, poti babu la check engine limachotsedwa.

Pa manual, kokani handibuleki, ikani giya yachinayi, masulani klatchi pang'onopang'ono. Injini izime msanga. Ikapitiriza kulira, klatchi yatha. Phokoso lobwera mukaponda pedulo ndi release bearing, lochoka mukaponda ndi bering'i ya m'giyabokosi. Sinthani mwachangu kuchoka pa yoyamba kupita pa yachiwiri ndi kuchoka pa yachitatu kubwerera pa yachiwiri, kumvetsera kukhadzula. Muli m'giya, pondani moto n'kuchotsa phazi mwadzidzidzi: ndodo ikatuluka yokha, mkati mwatha. Klatchi yotha ndi chifukwa chotsitsira mtengo. Giya yotuluka yokha ndi chifukwa chofunira galimoto ina.

Ikafa, ndi maganizo osintha kukhala manual

Automatic ikafadi, ambiri mumzinda muno saitsegula, amagula ina yogwirako kale ntchito. Masipeya onsewa amachokera kunja, ndipo chichokereni pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo yake ndi yowawa. Mukafika pamenepo, nambala ya pa giyabokosi igwirizane ndendende ndi yakaleyo, osati dzina la galimoto lokha. Tsukani kapena sinthani cooler, kachigawo koziziritsira oyilo kaja, ndi mapaipi ake, chifukwa tizitsulo ta giyabokosi yakufayo timabisala mmenemo n'kupha yatsopano. Thirani oyilo woyenera, ndipo pa CVT zambiri kompyuta iyenera kuphunzitsidwanso. Gwirizanani ndi wogulitsa masiku oyesera, ndipo zilembedwe pa risiti.

Kusintha galimoto kuti ikhale manual kumatheka, koma si giyabokosi yokha. Pafunika flywheel, klatchi, mapedulo, master ndi slave, ndodo ndi mawaya ake, ma mounting, nthawi zambiri ma shaft, komanso kompyuta ya injini ndi mawaya ogwirizana nayo. Zimayenda bwino pamene galimotoyo inatulukanso ya manual kufakitale, monga Probox yakale, Corolla kapena Hiace, ndipo zonse mwazichotsa pa galimoto imodzi yophwasulidwa. Zotolatola zimasiya check engine yoyaka, spidomita yakufa ndi injini yomwa mafuta.

Ndani agule chiyani

Woyenda mutawuni ndi pa tala, wonyamula banja, atenge automatic ya torque converter kapena CVT ya galimoto yofala monga Toyota, imene oyilo ndi masipeya ake akupezeka. Wonyamula fodya, chimanga, simenti kapena anthu olipira, wokoka ngolo, ndi wokhala kutali ndi galaja yokhala ndi kompyuta, afunefune manual ngakhale itamutengera nthawi, ndipo akailephera atenge automatic yakale, osati CVT. Pogulitsanso, galimoto yaing'ono ya automatic imapeza wogula msanga mutawuni, pomwe pikapu ndi minibasi za manual sizisowa ozifuna. Wachinyamata amene akulowa sukulu yoyendetsa galimoto aphunzire pa manual ngakhale kunyumba kuli automatic, chifukwa malole, maminibasi ambiri ndi ma Land Cruiser a m'mabungwe ogwira ntchito kumidzi amafuna phazi lamanzere.

Galimoto yongofika kumene kuchokera ku Songwe yayenda kale makilomita pafupifupi 1,500 kuchokera ku Dar es Salaam m'manja mwa dalaivala wothamangira nthawi, pamwamba pa zaka zimene simukuzidziwa ku Japan. Musadikire chizindikiro. Pa sevisi yoyamba sinthani oyilo wa giyabokosi pamodzi ndi wa injini, tsitsani madzi a mu rediyeta n'kuthira coolant, ndipo lembani makilomita ndi dzina la oyilo pa kapepala komata mkati mwa chitseko, kuti makaniko aliyense wodzaigwira aziwerenga asanathire chilichonse.